Zotseka makutu za 3M Peltor Optime II: chaka chathunthu ndili nazo pachigayo

Ndagwira ntchito pachigayo zaka 14. Chathu ndi cha dizilo, chili m'kanyumba ka malata, ndipo pambali pake pali chokonolera. Zonse ziwiri zikalira pamodzi, munthu amene wayima pafupi nawe umangoona milomo yake ikugwedera. Zaka zonsezi ndinkatseka makutu ndi thonje, osadziwa kuti thonje silitchinga phokoso kwenikweni. Anandidzidzimutsa ndi mayi a kunyumba. Tsiku lina madzulo anandiyang'ana nkhope ili yodandaula n'kufunsa kuti, "Bambo a Tadala, wailesi mwakweza chonchiyi, kodi simukuimva?" Kwa ine inkalira mwa masiku onse. Usiku umenewo ndinagona ndikumvetsera nyenje imene imalira m'khutu langa lakumanzere, nyenje yosadziwa nyengo, yolira ngakhale mu Juni.

Mlamu wanga amagwira ntchito yomanga ku Johannesburg, ndipo ndi amene anandibweretsera zotseka makutu zimenezi. Ndi zobiriwira, zili ndi chogwirira chodutsa pamwamba pa mutu, ndipo anyamata kuno amangoti mahedifoni ngakhale siziimba nyimbo. Pakatoni analemba SNR 31 dB, kutanthauza kuti zimachepetsa phokoso ndi madesibo 31 (madesibo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso). Nambala imeneyi amaipeza poyesa m'chipinda choyesera, munthu atavala bwinobwino, ndiye pantchito yeniyeni imatsikako. Komabe ili ndi tanthauzo. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amaika malire pa madesibo 85 kwa maola 8, ndipo phokoso likakwera ndi madesibo atatu okha, nthawi yoyenera kukhalapo imadulidwa pakati: pa 88 ndi maola 4, pa 91 maola 2. Tadala anayeza ndi foni yake pamalo pamene ndimaima ndipo inkasewera pa 97. Foni si chipangizo cha akatswiri, koma pa 97 malire ake ndi mphindi 30. Ine nyengo yokolola ndimaima pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Tsiku loyamba kuzivala sindidzaliiwala. Ndinaliza injini, ndinakoka lamba, kenako n'kuziika kumutu. Zinakhala ngati chigayo chasamukira kuseri kwa nyumba ya aneba. Kukuwa kwa nyundo pasefa, kuja kolasa mpaka m'mano, kunatheratu. Kunangotsala kugunda kwa injini, kumene ndimakumva ndi pachifuwa pomwe. Madzulo ndikupalasa njinga kubwerera kunyumba ndinamva achule kudambo, pomwe kale ndinkafika makutu atatsekeka ngati ndadumphira m'madzi, mutu ukuwawa.

Mantha anga aakulu anali akuti sindizimva makina akadwala, chifukwa wachigayo amagwira ntchito ndi khutu. Ayi ndithu. Lamba akayamba kuterereka ndimamva, mwala kapena msomali ukalowa ndi chimanga ndimamva, injini ikalemedwa ndimamva. Pa ichi ndiye ndizipatsa ulemu.

Zovuta zilipo, ndipo sindibisa. Mu Okutobala pansi pa malata zimatentha koopsa. Thukuta likasakanikirana ndi fumbi la ufa, patimapilo togunda kumakutu pamachita phala, moti ndimapukuta ndi kansalu konyowa tsiku lililonse ndikaweruka. Chipewa chokhuthala kapena miyendo ya magalasi zikalowa pansi pa timapiloto, phokoso limapeza mpata, umachita kumva likulowa ngati mphepo pazenera. Timapilo tomweto timauma pakapita nthawi. Opanga amati tizisinthidwa kawiri pachaka, koma kuno kwathu sindinatipeze m'mahadiweya, mpaka ndinachita kuitanitsanso kwa mlamu. Chinthu chabwino chotere chimayenera kukhala ndi zosinthira zake pafupi.

Koma vuto lenileni ndi makasitomala. Amayi afika ndi ndowa pamutu, akufuna kunena kuti uwu ndi mgaiwa, uyu ndi mphale, gaga musataye. Dzanja limathamangira lokha kukweza mbali imodzi kuti umve. Apa ndi pamene anthu ambiri amaluzira. Ukavula kwa mphindi zisanu zokha pa ola, makina akulira, chitetezo cha ola limenelo chimagwa kufika pa madesibo 11 basi, ngakhale pakatoni atalemba 31. Nditadziwa zimenezi tinasintha kagwiridwe ka ntchito. Kuyeza chimanga, kukambirana mtengo ndi kulipira zonse zimachitikira panja, pansi pa mtengo wa mango. Mkati timalankhulana ndi manja: chala chimodzi mgaiwa, ziwiri woyera. Poyamba ena ankaona ngati ndayamba matama, koma agogo ena amene amuna awo anakalambira pachigayo anandiuza kuti, "Mwanawe usavule, bambo ako aja tinkachita kuwakuwira." Mawu amenewo ndimawakumbukira dzanja likafuna kukwera.

Ndinayesakonso timasiponji tachikasu ta 3M E-A-R Classic tolowetsa m'khutu. Sititentha, n'totsika mtengo, ndipo timatchinga bwino ukatifinya n'kukoka khutu m'mwamba polowetsa. Kungoti zala za wachigayo zimakhala ufa wokhawokha, ndiye timada msanga. Kwa wowotcherera kapena kalipentala wovala magalasi tingakhale tabwino kuposa izi. Zimene ndikukanizani ndi zija zopepuka za pamsika zopanda nambala iliyonse, zokhala ndi kasiponji kopyapyala mkati.

Nyenje ya m'khutu ija sinachoke. Ndinapita kukayezetsa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli gawo loona za makutu. Anandikhazika m'kachipinda ka zii n'kumandimvetsera timaphokoso tosiyanasiyana, ndipo tating'ono tokwera kwambiri khutu lakumanzere silinatimve. Anandifotokozera kuti mkatikati mwa khutu muli timaselo tokhala ngati tiubweya, phokoso likatipha sitimeranso. Zotseka makutuzi sizibweza chimene chinapita, zikungosunga chimene chatsala. A kuchigawo chapakati, ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe amayezanso.

Mnyamata amene amathira chimanga ali ndi zaka 19, ndipo mutu wake umakhala pafupi ndi nyundo kuposa wanga. Pakadali pano akuvala timasiponji tija, ndimatiyang'ana ndekha m'mawa ndisanalize injini. Zake zobiriwira ndalipira kale, mlamu abwera nazo pa Khirisimasi.