Boila ikatopa: combi, ya thanki kapena heat pump?

Anzanga atatu a kumpingo kuno ku Leicester andifunsa funso limodzimodzi chaka chino: boila (makina otenthetsa nyumba ndi madzi) yatopa, tigule iti? Ndiye ndiyankhe pamodzi. Amene mukuchita lendi musavutike, umenewo ndi udindo wa eni nyumba.

Ife tinapeza boila yachikale, ya thanki ya madzi otentha m'kabati ndi ina ya madzi ozizira kudenga. Itafa tinasankha combi poti aliyense ankaitama: ilibe thanki, imatenthetsa madzi pomwe mwatsegula mpopi, ndipo kabati ija tsopano timasungamo mabulangete. Kwa anthu awiri kapena atatu ndi yabwino ndithu. Koma nyumba zathu mumazidziwa. Alamu afika kuchokera ku Lilongwe, mphwanga akugona pabalaza, ana akukonzekera sukulu. Wina akangotsegula mpopi kukhitchini kuti atsuke mapoto, wa m'bafa amakuwa, chifukwa madzi aja agawikana.

Chomwe chinandiwawa kwambiri n'china. Kampani ina inatipatsa mtengo pa intaneti, n'kunena kuti sudzasintha. Tsiku loika, atachotsa kale boila yakale, mmisiri anatiuza kuti paipi yathu ya gasi ndi ya 15mm pomwe combi ikufuna ya 22mm. Silinali bodza, combi imakoka gasi wambiri nthawi imodzi. Koma bwanji osabwera kudzaona kaye? Munali mu Novembala, m'nyumba muli zii, ana atafunda majekete. Tikanakana bwanji? Tinalipira. Kenako anatchula za power flush, kutsuka mapaipi ndi ma radiator onse ndi makina. Ndalama zinali zitatha, tinati tidzachita mtsogolo, iye anangoti chabwino. Sanatiuze kuti waranti yazaka zambiri yomwe tinakopeka nayo imadalira zimenezo.

Chisanu chachiwiri madzi a m'shawa anayamba kutentha n'kuzizira, kutentha n'kuzizira. Wokonza wochokera kwa opanga boila anatapa madzi pang'ono mu radiator, akuda bii ngati makala. Matope a dzimbiri a zaka zonse zija anali atatseka heat exchanger, kachipangizo kopatsira kutentha kumadzi, ya boila yatsopano. Anatiuza mwaulemu kuti vuto lobwera ndi madzi akuda waranti silikhudza. Tinalipira kukonza, tinalipiranso kutsuka komwe kuja. Mpaka lero ndikaona galimoto ya kampani yoika ija mtima umandiwawa.

Choncho, kaya mugula Worcester Bosch, Vaillant kapena Ideal, musalole mtengo woperekedwa munthu asanaponde pakhomo panu. Alembe papepala kuti muli paipi ya gasi, kutsuka, ndi fyuluta ya maginito yogwira dzimbiri. Mufunsenso komwe paipi ya condensate, yotayira timadzi ta m'boila, idzadutse. Kuyambira 2005 maboila a gasi oikidwa ku England ndi a mtundu wa condensing, amatulutsa timadzi, ndipo paipi imeneyi ikakhala yopyapyala panja imaundana, monga zinachitikira anthu ambiri m'chisanu cha Febuluwale ndi Malichi 2018. Khadi la Gas Safe, losonyeza kuti mmisiri ndi wololedwa kugwira ntchito za gasi, mulione ndi maso anu, ndipo sevisi ya chaka ndi chaka musaidumphe, mukaidumpha waranti imatha.

System boiler, yokhala ndi thanki ya madzi otentha koma yopanda ya kudenga, imadula pang'ono ndipo imadya malo. Koma anthu awiri amasamba nthawi imodzi popanda kukuwirana. Banja la anthu asanu kapena kuposa, ine ndikuti tengani imeneyi.

Heat pump, yomwe imayendera magetsi n'kumakoka kutentha kwa mumpweya wapanja kapena kwa m'nthaka, sindikuinyoza. Boma limathandiza ndi £7,500 kudzera mu Boiler Upgrade Scheme ku England ndi Wales, ndipo wopempha ndalamazo m'malo mwanu ndi mmisiri wovomerezeka ndi MCS, bungwe lovomereza amisiri a ntchito imeneyi. Heat pump imafunanso thanki, madzi ake satentha ngati a boila, ndiye nthawi zambiri pamafunika ma radiator akuluakulu. Magetsi kuno amadula pafupifupi kanayi kuposa gasi, choncho phindu limaoneka m'nyumba yosunga kutentha. Yathu ndi ya njerwa zakale, mphepo imalowera paliponse, sitinaiganizire nthawi yaitali.

Combi tikhala nayo mpaka idzatope, poti tinailipira kawiri. Tsiku limenelo mabulangete adzatuluka m'kabati muja, thanki ibwerere.