Kuunika ndondomeko ya ARC-CO: thandizo loyeza dera lonse osati munda wa mlimi

Mwa mathandizo amene boma la America limapereka kwa alimi kudzera ku nthambi ya Farm Service Agency, yomwe ili pansi pa unduna wa zaulimi wa USDA ndipo ili ndi maofesi m'madera akumidzi otchedwa county, ndondomeko ya ARC-CO (Agriculture Risk Coverage-County), yomwe imalipira alimi ndalama zochokera ku mbewu zikatsika m'county yonse, ndi imene ndaona kuti ikufunika kuiunika mofatsa. Inakhazikitsidwa ndi lamulo la zaulimi la mu 2014, lomwe linathetsa ndalama zimene alimi ankalandira chaka ndi chaka kaya akolola bwino kaya ayi, ndipo lamulo la mu 2018 linaipitiriza.

Boma limatenga zokolola za pa ekala m'county yonse pamodzi ndi mitengo ya mbewu m'dziko lonse ya zaka zisanu, limasiya chaka chokwera kwambiri ndi chotsika kwambiri, kenako n'kupeza mlingo wa ndalama zimene ekala imodzi ya chimanga, soya kapena tirigu imayenera kubweretsa. Malinga ndi lamulo la mu 2018, alimi ankalandira ndalama ngati ndalama zochokera pa ekala m'deralo zatsika n'kukhala pansi pa 86 peresenti ya mlingowo, ndipo malipiro sankaposa 10 peresenti yake. Lamulo lomwe linasainidwa mu July 2025 linakweza ziwerengerozi kufika pa 90 ndi 12.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Mlimi salipira kanthu monga momwe amachitira ku inshuwalansi ya mbewu, ndipo safunika kuitana munthu wodzayendera munda kuti atsimikize zotayika, chifukwa chiwerengero cha dera n'chimene chimagamula. Ntchito yake ndi kulembetsa ku ofesi pa nthawi yake ndi kunena maekala amene wabzala.

Komatu ubwino womwewo ndi umene uli chilema chake chachikulu. Matalala akagwa m'minda ya mlimi mmodzi n'kuwononga chimanga chonse pamene anzake a m'county yomweyo akolola zodzaza nkhokwe, iye salandira ngakhale dola imodzi. Winanso amene munda wake unachita bwino akhoza kulandira ndalama chifukwa chakuti anzake anavutika ndi chilala. Alimi awiri oyandikana minda, olekanitsidwa ndi malire a county okha, amatha kulandira mosiyana kwambiri ngakhale mvula imene inawagwera inali imodzimodzi. Chinanso chodabwitsa kwa munthu wongoimva kumene n'chakuti malipiro amawerengedwa pa 85 peresenti ya maekala amene munda unalembedwa nawo kalekale m'kaundula, osati pa mbewu imene yabzalidwa chaka chimenecho, moti wolima soya lero akhoza kulandira ndalama za tirigu.

Kuchedwa nako kumapweteka. Chaka cha malonda a chimanga chimayamba pa 1 September n'kutha pa 31 August, ndipo boma silipereka ndalama mwezi wa October wotsatira usanafike, kutanthauza kuti thandizo limabwera patatha pafupifupi chaka chathunthu mbewu itakololedwa, ngongole ya feteleza ndi mbewu itayamba kale kumuvutitsa mlimi.

Pali malire a ndalama zimene munthu mmodzi angalandire, omwe kwa zaka zambiri anali madola 125,000 pachaka, komabe popeza malipiro amatsata maekala, a minda ikuluikulu ndi amene amatenga gawo lalikulu. Mlimi amasankha pakati pa ARC-CO ndi ndondomeko ina yotchedwa PLC (Price Loss Coverage), yomwe imayang'ana mtengo wokha ndipo kwa nthawi yaitali inkalipira chimanga chikatsika kupyola madola 3.70 pa bushel (muyeso wa chimanga wa makilogalamu pafupifupi 25). Kwa ine, ARC-CO ndi yoyenera mlimi amene zokolola zake zimafanana ndi za dera lake, koma amene munda wake uli pa dothi losiyana kapena pamalo osefukira madzi asayerekeze kusiya inshuwalansi podalira ndalama zimenezi.