Maphunziro a breaststroke ku Lilongwe: funsani kaye amene adzakuphunzitseni musanalipire

Ndalama zimene amalipiritsa pamwezi pa dziwe limene ndimaphunzirirapo kusambira ku Lilongwe anazikweza popanda kukonza ngakhale zitseko za m'chipinda chosinthiramo zovala. Ine ndinalipira zonse pasadakhale chifukwa ndinkafuna kuphunzira breaststroke yeniyeni (kasambiridwe kachafufumimba kopalasa madzi ndi manja onse awiri pamodzi, miyendo nayonso pamodzi), yosiyana ndi kasambiridwe kathu ka ku Senga Bay kopalasa madzi mutu uli pamwamba.

Chimene chinandikwiyitsa kwambiri ndi khalidwe la anthu a mu ofesi. Mnyamata amene anandipatsa poyamba kuti azindiphunzitsa ankakhala pampando atagwira foni, ndipo malangizo ake onse anali akuti nditambasule miyendo ngati chule. Posakhalitsa mawondo anayamba kupweteka chamkati, khosi nalo n'kuuma, koma nditakadandaula, mayi wa pa desiki anandiyankha osandiyang'ana n'komwe kuti, "Bambo, umenewo ndi msinkhu wanu." Kutentha kwa mu Okutobala kutafika madzi anabiriwira, maphunziro anaimitsidwa popanda uthenga uliwonse, ndipo munthu unkadziwira pachipata utalimbana kale ndi mdipiti wa magalimoto a m'mawa. Za kubweza ndalama za masiku amenewo sankafuna kuzimva.

Ndinali nditatsimikiza zosiya pamene Loweruka lina mnyamata uja sanabwere, ndipo gulu lathu analipereka kwa mayi wina wachikulire amene amaphunzitsa ana. Iwo anandiyang'ana ndikusambira mpaka pakati pa dziwe, kenaka anandiitana kuti ndituluke. Anandigoneka chafufumimba m'mphepete mwa dziwe, miyendo ili m'madzi, n'kugwira mapazi anga ndi manja awo. Anati, "Achimwene, mawondo anu salakwa kanthu, akungonyamula ntchito ya mapazi." Anakokera zidendene zanga pang'onopang'ono chakumatako, mawondo osatalikirana kwambiri kuposa m'lifupi mwa chiuno, kenaka anatembenuzira mapazi kunja kuti zala ziloze m'mbali, ndipo anandiuza kuti ndikankhe madzi chakumbuyo mozungulira ndi mkati mwa mapazi mpaka miyendo iwongoke ndi kukumana. Anafotokoza kuti munthu akakhadzula mawondo kwambiri n'kukankha mwamphamvu, mitsempha ya mkati mwa bondo ndi imene imakokeka, ndipo ntchafu zokokedwera pansi pa mimba zimatchinga madzi moti thupi limaima pamene likanayenera kupita patsogolo.

Atatha za miyendo anakonza manja. Ine ndinkawakokera mpaka m'chiuno, koma iwo anandionetsa kuti zikhatho zimangopalasa kabwalo kakang'ono kutsogolo kwa chifuwa, zigongono zili pamwamba, kenaka manja n'kukumana pansi pa chibwano ndi kuwongokera kutsogolo mofulumira. Mpweya umatulutsidwa m'madzi nkhope ili pansi, kuti mutu ukatuluka ntchito ikhale yongokoka wina. Kuuma kwa khosi kunkachokera pa kusunga mutu pamwamba nthawi zonse, kumenenso kumamiza chiuno. Anandipatsa ndondomeko yoti ndiziinena mumtima: koka, puma, kankha, tsetsereka. Pa liwu lomalizalo ndi pamene anakakamira kwambiri, akuwerenga mokweza mpaka pawiri ndisanayambenso kukoka, chifukwa liwiro limene miyendo yapereka limatayika ngati manja atseguka msanga.

Nditalowanso m'madzi ndinamva thupi likupita lokha nditawongoka, chinthu chimene chinali chisanandichitikirepo, ndipo ndinafika kukhoma la tsidya lina ndisakupuma mwawefuwefu. Ndinaligwira ndi dzanja limodzi, iwo n'kundibweza nthawi yomweyo, chifukwa malamulo a World Aquatics, bungwe loyang'anira masewera osambira pa dziko lonse, amafuna kuti pa breaststroke manja onse awiri akhudze khoma nthawi imodzi, potembenuka ngakhalenso pomaliza. Ndinawauza kuti ine sindidzapikisana ndi munthu, koma anayankha kuti wolipira maphunziro ayenera kulandira chinthu chathunthu. Anandilangizanso kuti ndikaonere pa YouTube mmene Tatjana Schoenmaker wa ku South Africa anasambirira mamita 200 pa masewera a Olimpiki a ku Tokyo mu 2021, pamene anaswa mbiri ya dziko lonse ndi nthawi ya mphindi 2 ndi masekondi 18.95, ndipo kuti ndisayang'ane mphamvu zake koma utali wa nthawi imene amakhala atawongoka. Ndinaonera, ndipo ndinamvetsa chimene ankandiwerengera mpaka pawiri.

Chifukwa cha mayi ameneyu sindingauze munthu kuti asapite kumeneko. Madzi nawo, kunena zoona, akhala oyera kuyambira pamene anakonza pampu, ndipo wopulumutsa anthu amakhala tcheru, makamaka ana akachuluka masana. Mawondo anga analeka kupweteka, ngakhale kuti mapazi akadali ouma ndipo kuwatembenuzira kunja kumafunabe kuti ndiziganizira nthawi iliyonse. Amene mukufuna kuyamba, kumbukirani kuti madzi satenthetsedwa, choncho mu Juni ndi Julaye maphunziro a m'mawa ndi ovuta kupirira.

Komabe a mu ofesi sanasinthe. Nditapempha kuti andisamutsire ku gulu la mayi uja, anandiuza kuti ndilipirenso ndalama yolembetsera ngati munthu watsopano, pamene wolephera ntchito anali mphunzitsi wawo. Ndinalipira chifukwa ndinkafuna maphunzirowo, koma ndinaumirira kuti alembe pa lisiti gulu limene ndalowa ndi masiku ake, ndipo ndikulangiza aliyense kuti achite chimodzimodzi asanatulutse ndalama. Za masiku a madzi obiriwira zija sanandibwezerebe, ndipo kalata yanga yodandaula ili kwa manijala kuyambira mwezi watha.