Patatha miyezi khumi: lenzi ya 60mm ndi ya 100mm pojambula maluwa ndi tizilombo

Papita miyezi khumi chigulireni lenzi ya Canon EF 100mm f/2.8L Macro IS USM, imene ndinaiwonjezera pa EF-S 60mm f/2.8 Macro USM yomwe ndinali nayo kale, ndipo chimwemwe cha chinthu chatsopano chinatha, choncho ndingathe kunena zimene ndaona mtima uli m'malo. Malenzi onse awiri ndimawagwiritsa ntchito pa kamera ya sensa yaing'ono yotchedwa APS-C (sensa ndi kachipangizo ka m'kati mwa kamera kamene kamalandira chithunzi), ndipo onse amafika pa 1:1, kutanthauza kuti chinthu chimagwera pa sensa pa msinkhu wake weniweni, moti kaduwa kotambalala masentimita awiri kamadzaza chithunzi kuchokera kumanzere mpaka kumanja.

Ndinkayembekezera kuti lenzi yatsopanoyi izionetsa tinthu ting'onoting'ono bwino kuposa yakale, koma nditaika zithunzi za duwa limodzi pa kompyuta n'kuzikuza, ndinalephera kusiyanitsa kuti ichi chajambulidwa ndi iti. Kusiyana kwenikweni kuli pa mtunda wa pakati pa galasi lakutsogolo ndi chinthu chimene mukujambula. Pa 1:1, ya 60mm imasiya mpata wa masentimita pafupifupi 9, pomwe ya 100mm imasiya pafupifupi 13. Munthu angaganize kuti masentimita anayi n'ngochepa, koma tombolombo ndi gulugufe amawadziwa bwino. Ndi ya 60mm ndinkati ndikamayandikira, mthunzi wanga unkayamba kufika paduwa, kachilombo n'kuuluka ndisanadine batani. M'mawa wina, mame asanaume, njuchi inatera pa mpendadzuwa ili ndi timibulu ta mungu pamiyendo yakumbuyo, ndipo ndi ya 100mm ndinaijambula kasanu ikupitiriza ntchito yake, ubweya wa pamsana pake ukuoneka kamodzikamodzi. Lenzi yaitaliyi imatenganso gawo lochepa la zimene zili kumbuyo kwa duwa, choncho mpanda kapena masamba ouma zimasungunuka kukhala mtundu umodzi wofewa.

Ya 100mm inatuluka mu 2009 ndipo ili ndi Hybrid IS, njira yochepetsera kunjenjemera kwa manja, pomwe ya 60mm, ya mu 2005, ilibe chothandizira chotere. Njirayi yandipulumutsa pansi pa mitengo pamene kuwala kuli kochepa, koma thandizo lake limachepa mukayandikira kwambiri, ndipo siingaimitse duwa limene likugwedezeka ndi mphepo. Zithunzi zambiri zimene ndinataya m'miyezi imeneyi zinaonongeka chifukwa cha kamphepo kayaziyazi, osati chifukwa cha lenzi. Pa 1:1 ndi f/8 (nambala ya f imasonyeza kukula kwa kabowo kolowera kuwala m'lenzi, ndipo nambalayi ikamakwera kabowoko kamachepa), gawo looneka bwino silifika n'komwe pa milimita imodzi ndi theka, kotero kuti diso la njuchi likaoneka bwino, mapiko amakhala atayamba kale kuzimirira. Komanso kuwala kofika pa sensa kumatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi, moti f/8 imakhala ngati f/16. Kutseka kabowo kolowera kuwala mpaka f/22 kuti gawo looneka bwino likule sikuthandiza kwenikweni, chifukwa kuwala kumabalalika podutsa pakabowo kakang'ono ndipo chithunzi chonse chimafooka. Pa malenzi onse awiri ndakhazikika pakati pa f/8 ndi f/11, ndinasiya kudalira autofocus (njira imene kamera imasakira yokha malo oti aoneke bwino) ndikayandikira chonchi, ndipo ndimangosendeza thupi pang'onopang'ono kutsogolo ndi kumbuyo mpaka diso la kachilombo litaoneka.

Pa kulemera, ya 60mm ndiyo yabwino. Imalemera magalamu 335 pomwe inzake imalemera 625, ndipo munthu akagwada m'maudzu kwa ola lathunthu, mkono umamuuza kusiyana kwake. Pojambula bowa, ndere za pamiyala ndi maluwa a m'miphika, zinthu zimene sizithawa, ndimaikondabe. Tiyenera kukumbukira kuti lenzi ya EF-S, monga ya 60mm imeneyi, siilowa pa kamera za DSLR (zokhala ndi kalilole m'kati) za sensa yaikulu, pomwe ya 100mm ingasamukire ku kamera yotere popanda vuto.

Masiku ano ndikamapita kokajambula tizilombo ndimanyamula ya 100mm, ndipo ya 60mm imatsala kunyumba kudikira masiku amvula, pamene ndimathyola duwa n'kuliika pathebulo pafupi ndi zenera, kumene mphepo siifika.