Kanyali kanga ka sola ka ku Kamwala

Ndinakagula mu Seputembala 2024, nthawi imene magetsi kuno ku Lusaka anafika pomabwera maola atatu okha patsiku, mwinanso pakati pa usiku anthu ali m'tulo. Mvula inali itakana, madzi ku Kariba anatsika, ndipo poti magetsi ambiri a dziko lino amachokera kumadzi, tonse tinabwerera ku makandulo. Ine ndinali m'chaka choyamba pa yunivesite ya Zambia (UNZA), ndikuchita lendi kachipinda ku Kalingalinga, mayeso ali pafupi. Kandulo usiku uliwonse inayamba kudya ndalama ya kapenta.

Ndinakwera minibasi pa Great East Road, ndikutsika m'tauni, ndikuyenda wapansi mpaka ku Kamwala. Wogulitsa anayambira pa K350, tinanenerera mpaka K280. M'katoni munali nyali yapulasitiki yachikasu, kapanelo kukula kwake ngati kope la kusukulu, chingwe chachitali ndithu, ndi pobayira foni.

Pakatoni analemba kuti imayaka maola 8. Musakhulupirire zimenezo. Maola 8 amakwana mukaiika pa kuwala kotsikitsitsa, komwe kumangothandiza kuona mbale ya nsima kuti ili pati. Kuwala kwapakati, koti munthu n'kuwerengera osafinya maso, kumatha maola anayi. Mukabayanso foni, chotsanipo ola lathunthu. Batani lake linayamba kugwedera patatha miyezi itatu, ndipo chingwe n'chopyapyala moti ndinachikulunga kale tepi malo awiri. Mu Januwale, mitambo ikaphimba tsiku lonse, nyali imazima musanamalize mutu umodzi.

Zina ndinazidziwa mochedwa. Kapanelo kamafuna kuyang'ana kumpoto, chifukwa kuno tili kumwera kwa dziko lapansi ndipo dzuwa miyezi yambiri limadutsa chakumpoto. Fumbi la mu Okutobala nalo limakaphimba, muzikapukuta m'mawa uliwonse ndi kansalu konyowa. Ndipo musakasiye padenga mukamapita ku kalasi ngati pakhomo palibe munthu. Izi sindionjezerapo, a ku Kalingalinga amva.

Komabe sindinong'oneza bondo, ndipo chifukwa chake ndi maola anayi omwewo. Magetsi akakhalapo ndinkatsegula buku, kenako Facebook, kenako ndazindikira kuti tambala akulira. Ndi nyali iyi ndinkadziwa kuti ikayaka 18 koloko, pofika 22 koloko yatha basi. Foni ndinayamba kuisiya pansi pa pilo.

Ndiye panabwera alendo. Eni nyumba ndi ambuya a ku Katete, amakhala ndi mdzukulu wawo amene chaka chimenecho ankalemba Grade 7. Tsiku lina anagogoda. "Mwanangu, kodi uyu angakhaleko pambali panupo? Kandulo yatithera." Ndinatulutsa tebulo pakhonde, nyali ndikuipachika pa msomali. Mnyamatayo ankalimbana ndi masamu ogawa, ine ndi manotsi a Biology, ambuya ali pa mphasa pafupi ndi mbaula akusadzula chiwawa.

Patapita masabata angapo ambuya anabwera ndi foni yawo. Mwana wawo wa ku Kitwe amawatumizira ndalama pafoni, koma uthenga ankawawerengera ndi anthu ena, ndipo ankakayika ngati amauzidwa zoona. Iwo sukulu anailekeza atangoyamba, makolo anati mwana wamkazi akathandize kumunda. "Ndionetseni pamene pamalembedwa ndalama, zinazo ndilibe nazo ntchito." Tinayamba ndi manambala, kuseri kwa katoni ya nyali yomweyo. Anatenga masiku ambiri kusiyanitsa 6 ndi 9, ndipo akalakwa ankaseka mpaka kutsokomola. Usiku umene anawerenga okha K500, osafunsa munthu, anaimba nthungululu mpaka oyandikana nafe anasuzumira kuganiza kuti malaiti abwera.

Masana a tsiku lomwelo ndinali nditadandaula kwa anzanga, titakhala pa udzu ku Goma Lakes, timadamu ta pa yunivesite, kuti masamba oti tiwerenge achuluka, aphunzitsi alibe chisoni. Usiku umenewo ndinachita manyazi ndekha. Atate anga amakamba kuti ankawerengera koloboyi, m'mawa mphuno zili bii ndi mwaye, ndipo ndinkangoti ndi nkhani za akulu. Apa ndinali ndi gogo wa zaka zoposa 70 akugwira pensulo ngati khasu, akundipempha kuti nyali isazime asanamalize mzere.

Ngati muli ndi laputopu kapena mukufuna kuunikira nyumba yonse, iyi si yanu, sungani ndalama mugule yaikulu. Koma kwa mwana wa sukulu wa chipinda chimodzi, K280 ya nthawi imeneyo inkabwerera m'miyezi iwiri kapena itatu pa makandulo okha. Pogula muiyatse pomwepo m'sitolo, muyese mabatani onse ndi pobayira foni, ndipo mufunse lisiti.

Yanga tsopano batire latopa, imangokwanitsa maola atatu. Ndikapita kutchuthi ndimaisiya kwa ambuya. Ulendo wathawu ndinapeza katoni ija yadzaza mbali zonse, ndipo pansi pake, m'zilembo zokhotakhota, ayamba kulemba dzina lawo.