Foni yogula pa Facebook ikapezeka yowonongeka: kukambirana, CFTC, polisi kapena khoti?

Anthu ambiri masiku ano amagula mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, ndalama n'kutumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba asanaikhudze n'komwe foniyo. Ikafika pa basi, vuto limaonekera pakatha tsiku limodzi kapena awiri: batire sikusunga moto, sikirini ikukana mbali imodzi, kapena foni ikungozima yokha. Pamenepa pali njira zinayi zomwe wogula angatsate, koma kuti adziwe yomuyenera ayenera kuyamba wayankha funso ili: kodi wogulitsayo ndi wamalonda amene ali ndi shopu ndi dzina loti aliteteze, kapena ndi munthu wamba amene wangogulitsa chinthu chake kamodzi?

Kukambirana ndi wogulitsa ndiko kumabweza ndalama msanga kuposa njira zina zonse, ndipo kwa munthu wamba nthawi zambiri ndi njira yokhayo imene imaphula kanthu. Koma m'kukambiranamo muli zinthu zitatu zosiyana zomwe mungapemphe. Kubwezeredwa ndalama zonse ndi chimene aliyense amafuna, komabe n'chimene wogulitsa amakana kwambiri chifukwa ndalamazo amakhala atazigwiritsa kale ntchito. Kusinthiridwa foni kumatheka kwa amene ali ndi katundu wambiri, ngakhale kuti yachiwiriyo ikhoza kukhala ndi matenda akeake. Chachitatu, chomwe ine ndimachiona chanzeru pamene vuto ndi batire kapena malo ochajira, ndi kupita kwa wokonza mafoni kuti atchule mtengo wokonzera, kenako n'kupempha wogulitsa kuti abweze ndalama zokwana mtengowo. Munthu amene wakana kubweza ndalama zonse amavomera mosavuta kubweza gawo lochepa. Musalole wokonzayo kutsegula foni musanagwirizane ndi wogulitsa, chifukwa akatero wogulitsa adzanena kuti mwaiwononga ndinu. Sunganinso chithunzi cha malonda aja asanawafufute, mauthenga onse, ndi uthenga wotsimikiza kuti ndalama zinapita.

Ngati wogulitsa ndi wamalonda ndipo wakanitsitsa, bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC ndi lamphamvu kuposa kukangana naye pa foni. Kudandaula kumeneko sikufuna loya, ndipo lamulo latsopano la mu 2024, lomwe linalowa m'malo mwa la mu 1998, linapatsa bungweli mphamvu zolamula kuti wogula abwezeredwe ndalama komanso zolipiritsa wamalonda chindapusa. Mawu akuti katundu akagulidwa sabwezedwa samuchotsera wamalonda udindo pa katundu amene wamugulitsa ali ndi vuto lobisika. Kufooka kwa njirayi n'koti imatenga nthawi, ndipo siithandiza kwenikweni ngati zonse zomwe mukudziwa za wogulitsayo ndi dzina lopeka la pa Facebook ndi nambala yomwe tsopano sikupezeka.

Ambiri amathamangira ku polisi, ndipo ndimawamvetsa, pakuti kupwetekedwa mtima kumafuna kuona wina atagwidwa. Koma apolisi amasiyanitsa chinyengo ndi kusamvana pa malonda. Ngati foni inafika ndithu koma batire ndi yofooka, angakuuzeni kuti imeneyo ndi nkhani ya pakati pa inu awiri. Zimakhala zosiyana ngati munalandira bokosi lopanda kanthu, foni yabodza m'malo mwa yeniyeni, kapena ngati wogulitsa anazimitsa nambala atangolandira ndalama, chifukwa kumeneko ndi kupeza ndalama mwachinyengo. Kuimbira kampani ya Airtel kapena TNM kuti ibweze ndalama sikulowa m'malo mwa polisi: thandizo limenelo ndi la amene watumiza ndalama ku nambala yolakwika, osati la amene sanakhutire ndi katundu.

Khoti la majisitireti lili ndi ubwino umene CFTC ilibe, woti limamva mlandu ngakhale wogulitsa atakhala munthu wamba, ndipo wogulitsayo amakakamizidwa kutsatira chigamulo chake. Komabe muyenera kudziwa dzina lake lenileni ndi kumene amakhala kuti samani imufike, mulipire ndalama zotsegulira mlandu, ndiponso mupite kukhotiko kangapo. Kwa munthu wa ku Mzuzu amene wagula foni kwa wogulitsa wa ku Limbe, ndalama zoyendera zokha zikhoza kuyandikira mtengo wa foniyo, pamene kwa laputopu yamtengo wapatali yogulidwa m'tauni momwemo khotilo limayenera. Pokonzekera mlandu wotere, imbani *#06# pa foniyo ndipo mulembe nambala yapadera yozindikirira foniyo, yotchedwa IMEI, yomwe ionekere, kuti wogulitsa asadzakane kuti foni ili pamaso pa majisitireti si imene anakutumizirani.