Makalasi a Chingerezi a Loweruka ku Area 25, ine andithandiza

Kwa miyezi ingapo tsopano ndakhala ndikupita ku makalasi a Chingerezi omwe mayi ena opuma pa uphunzitsi amachititsa pakhonde pawo ku Area 25, Loweruka lililonse mmawa, ndiye ndati ndikuuzeniko inu amene mumandifunsa. Ine chinandipititsa ndi maminitsi a ku ofesi, paliponse ndinkangolemba continue, continue basi, poti kwathu kuno mawu ndi amodzi, kupitiriza.

Tsiku lomwe sindidzaliiwala madamu analemba pa bolodi mawu asanu: continue, proceed, resume, carry on, move on. Akuti tamasulirani, kalasi yonse tinangoti "pitirizani". Ndiye anatenga choko nkuyamba limodzilimodzi. Continue ndi wa tsiku ndi tsiku, chinthu chikuchitikabe, ngati mvula ikugwabe. Proceed ndi wa ulemu, wa mmaofesi ndi kukhoti, amene jaji amauza loya, kapena uja mumamva pa Kamuzu International Airport akuti proceed to gate, ndipo kawirikawiri kumakhala kuti munadikira kaye wina nkukupatsani mpata kuti tsopano pitani. Resume ndi pamene zinthu zinaima kenako mwayambiranso, ngati miting'i ikayambanso mutadya nkhomaliro. Carry on ndi wocheza chabe, azungu aku Britain amaukonda kwambiri.

Koma move on ndi amene anandidzidzimutsa. Eti sikupitiriza zomwezo ayi, ndi kuisiya nkhaniyo nkupita pa ina, ndiye wapampando akati let's move on ndiye kuti mfundo yanu ija yatsekedwa, osaibwereranso. Anatiwonjezeranso kuti he went on talking ndiye kuti sanasiye kuyankhula, pomwe he went on to talk ndiye kuti anamaliza china kenako nkuyamba kuyankhula, kusiyana kakang'ono koma pa MSCE ana athu amagwa nako.

Chomwe ndimakonda ndi choti homuweki mumatumiza pa WhatsApp, iwo amakonza ndi cholembera chofiira nkukujambulirani. Vuto lake malo ndi ochepa, mabenchi awiri okha, mukachedwa mukhala pa mpando wa ndowa, ndipo anthu akachuluka zolemba zanu zimatha sabata asanazibweze, izi ndinawauza ndithu. Fizi yake siyoboola mthumba.

Lolemba lapitali ndinalemba mu maminitsi kuti the meeting resumed at 2 pm, bwana anangosayina osakhwatcha kanthu.